Zitupa za M'bokosi la Agogo

M'nyumba ya amayi anga, kwathu cha ku Mkanda m'boma la Mchinji, muli bokosi lachitsulo limene agogo anga aamuna adabwera nalo kuchokera ku Halale nkhondo ya Hitler isanabuke. Tili ana sitinkaloledwa ngakhale kulikhalira. Chaka chatha ndidalitsekula pofunafuna kalata ya munda, ndipo pansi pa mabulangeti akale ndidapeza mapepala atatu okulungidwa m'kansalu. Loyamba lidali chitupa cha agogowo, chofiirira ndi utsi, chala chawo chitadindidwa pakona. Lachiwiri lidali kabuku kamene amalume anga adapita nako ku Joni mu 1972. Lachitatu lidali tsamba long'ambidwa m'kope, pamene kalaliki wa pa esiteti ina ya fodya adalembapo ngongole ya amalume omwewo: chimanga, mchere, feteleza, makasu awiri ndi nkhwangwa. Kalata ya munda ija sindidaipeze mpaka lero, koma mapepala atatuwa andiyendetsa m'mabuku a mbiri yakale miyezi ingapo, ndipo zimene ndatolako ndati ndiziyale pano kuti anzanga odziwa bwino andikonze pamene ndaphonya.

Funso limene lakhala likundivuta ndi ili. Agogo ndi amalume adali anthu a mudzi umodzi, onse olimba pa khasu, onse osapita patali ndi sukulu. Nanga bwanji agogo adabwera ndi bokosi ndi njinga basi, pamene amalume ulendo woyamba adabwera ndi ndalama zomangira nyumba ya malata, koma ulendo wachiwiri, umene sadatuluke n'komwe m'boma la kwawo, adabwera ndi ngongole? Ife Amalawi timakonda kudzitamandira kuti Mnyasa ankakondedwa kulikonse chifukwa cha khama ndi ulemu. Kapena n'zoona. Koma khama la amalume lidali lomwelo ku Joni ndi pa esiteti. Chimene chidasintha ndi khomo limene adalowera: yemwe adawalemba ntchito, lamulo limene lidawamanga, yemwe ankasunga malipiro awo, ndiponso ngati padali kwina kothawira kapena kokadandaula.

Tiyambire pa malire. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi adathyola Angoni a Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo Nsingu, mwana wa Mpezeni amene adatsogolera nkhondoyo, adamuwombera. Linga la atsamunda kuno kwathu lidatchedwa Fort Manning, dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake adadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Tsidya linalo kudamera Fort Jameson, Chipata wa lero, ndipo dziko lozungulira kumeneko lidagwa m'manja mwa kampani ya North Charterland, imene idagawira Azungu minda ya fodya. Mzere wa malire udang'amba midzi ya Achewa ndi Angoni pakati, kotero kuti mpaka lero alipo anthu amene amagona ku Malawi koma n'kumalima ku Zambia. Munthu amene ng'ombe zake zapita, ndipo nthungo yake amulanda, amatsala ndi manja ake awiri. Manjawo ndiwo atsamunda ankawafuna.

Chida chowakokera chidali msonkho. Kuyambira cha mu 1902 msonkho wa nyumba udali masheleni 6 kwa munthu amene sadagwirire ntchito Mzungu, ndi masheleni 3 okha kwa amene wabwera ndi kalata yosonyeza kuti wagwira mwezi wathunthu. Cholinga chake ngakhale mwana akhoza kuchiona. Komatu kuno kudalibe ntchito ya ndalama yoti munthu n'kuiwerengera. Minda ya Azungu ya ku Blantyre ndi ku Mulanje idali kutali ndipo inkalipira pang'ono, njanji nayo idadzafika pa Mchinji mu 1980. Tsono poti kuyenda n'kuyenda basi, anthu adaona kuti n'kwabwino kuyenda cholinga kumwera, kumene malipiro adali okwererapo.

Agogo adapita selefu, ndiye kuti paokha, popanda kusaina kalikonse kumudzi. Ankanena kuti adanyamuka khumi ndi awiri atasenza ufa ndi zikho, nadutsa m'dziko la Apwitikizi, nawoloka Zambezi pabwato, nakalowa mu Rhodesia cha ku Mtoko. Usiku ankakoleza moto waukulu kuopa mikango, ndipo ufa utatha ankaima pamudzi n'kulima ganyu masiku angapo. Ulendo wotere udapha anthu ambiri. Koma wa selefu adali ndi chuma chimodzi chimene wa kontirakiti adalibe: makutu ake ankamugwirira ntchito. Pamadooko ndi pamphambano ankakumana ndi obwerera kwawo, amene ankamuuza kuti famu yakuti Mzungu wake ngwa chikoti, mgodi wakuti phoso lake n'lochepa, kwakuti amalipira tikiti ikangodzaza. Charles van Onselen, m'buku lake la 1976 lotchedwa Chibaro, adasonyeza kuti mauthenga apakamwawa ndiwo ankatsogolera anthu kuti alambalale migodi yoipa. Lamulo la kumeneko lidali la mabwana: kuthawa ntchito udali mlandu wopita nawo kundende, ndipo chitupa chosasainidwa ndi bwana wakale chidali umboni wokumanga nawo. Chikhalirecho anthu ankathawa ndithu. Ankataya chitupa, n'kusintha dzina, n'kukatenga china. Dzina limene lili pa chitupa cha m'bokosi muja si limene agogo ankadziwika nalo kumudzi, ndipo amayi akuti lidali lachitatu.

Mabwana amene anthu ankawalambalala aja nawonso ankafuna antchito, ndipo ndiwo adapindula ndi khomo lachiwiri. Mu 1903 kudakhazikitsidwa Rhodesia Native Labour Bureau, imene anthu adaipatsa dzina loti chibalo. Olemba anthu ake ankadikira m'njira ndi kutsidya kwa malire, ndipo amene ufa wamuthera, kapena msonkho wamupanikiza, ankadinda chala n'kupatsidwa bulangeti ndi chakudya. Kuyambira pamenepo sakadasankhanso kopita. Ankatumizidwa kumene wa selefu akadakana, pa malipiro otsika, kwa miyezi khumi ndi iwiri. Bungweli lidatha mu 1933. Mu 1935 boma la Nyasaland lidakhazikitsa komiti ya Travers Lacey, imene idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo ambiri a iwo adali atasanduka matchona, akazi kumudzi akulipira okha msonkho. Chaka chotsatira, mu 1936, maboma a Nyasaland ndi Marhodesia awiri aja adasainirana pangano ku Salisbury lokhudza zitupa, kubweza anthu kwawo ndi kutumiza ndalama kumudzi. M'zaka zomwezo boma la Southern Rhodesia lidayamba kunyamula anthu pa malole osalipiritsa, amene adatchuka ndi dzina loti Ulere, ndipo mu 1946 lidakhazikitsa bungwe latsopano lolemba anthu a m'mafamu, lotchedwa Mthandizi. Taonani mainawo, anzanga. Amene adawasankha ankachidziwa Chinyanja, ndipo ankadziwanso kuti nyambo siitchedwa mbedza.

Khomo lachitatu ndilo aliyense amalikumbukira, poti ngakhale pokwerera mabasi ku Blantyre padakali dzina lake. Wenela, kapena kuti Witwatersrand Native Labour Association, idakhazikitsidwa ndi eni migodi ya golide a ku Johannesburg nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ili kumapeto. Nzeru yake idali yapafupi koma yakuthwa. Migodi ikamalimbirana antchito, malipiro amakwera. Tsono eni migodi adapangana kuti onse azilemba anthu kudzera pa khomo limodzi, ndipo adaika malire a malipiro amene mgodi uliwonse sunkaloledwa kuwapitirira. Wopitirira ankalipitsidwa chindapusa ndi anzake. Pamsika pakakhala wogula mmodzi, mtengo amatchula ndi iye. Francis Wilson adawerengera m'buku lake la 1972 kuti, poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, malipiro a munthu wakuda m'migodi ya golide sadakwere kuchokera mu 1911 mpaka mu 1969. Anthu a kwathu kuno adayamba kutengedwa kumayambiriro komwe, koma chibayo chidawapha ochuluka kwambiri m'makomboni ozizira aja, mwakuti mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha a kumpoto. Chiletsocho chidachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo pofika m'ma 1950 Wenela idali ikunyamula anthu pa ndege kudzera ku Francistown.

Pano ndiyenera kuulula kuti amalume sakadagwirizana nane. Nditangoyamba kuwerenga timabuku ta mbiri yakale ndidawauza, ndi mwano wa mwana wasukulu, kuti ku Joni adakagwira ukapolo. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Mphwanga, malata uli kubisalamo mvulawa adagwa kumwamba?" Ndidasowa choyankha. Zonse zimene mabuku amanena ankazidziwa kuposa ine: kuvulidwa pamzere kuti adokotala akupime, nambala yapamkono imene inkalowa m'malo mwa dzina, chipinda chotentha chimene ankayeseramo ngati thupi lako lingapirire pansi pa nthaka, komboni ya amuna okhaokha yogonekedwa mtundu ndi mtundu, Chifanakalo cholamulira chokhachokha. Koma ankadziwanso kuti ndalama zidalembedwa ndipo zidalipidwa. Gawo lalikulu la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandirire kuno kwawo, ndipo dongosolo limeneli lidalimbikitsidwa ndi pangano la mu 1967 pakati pa boma la Dr Banda ndi la South Africa. Ubwino wake udali woti munthu sankabwera chimanjamanja. Koma ndalama zosungidwazo zinkapatsanso boma lathu ndalama zakunja, ndipo zinkaonetsetsa kuti munthuyo abwerera kwawo, kuti ukalamba wake ndi matenda ake adzasenze ndi mudzi, osati mgodi.

Chimene chidalibe pa makomo onsewa ndi pakamwa. N'zodabwitsa kuti bungwe lalikulu loyamba la apantchito akuda ku South Africa, la ICU, adaliyambitsa ku Cape Town mu 1919 ndi Mnyasa, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, ndiponso kuti pa kunyanyala ntchito kwa pa mgodi wa Shamva mu 1927 Anyasa adali patsogolo. Koma Kadalie sadapite pa kontirakiti. Munthu wa miyezi yowerengeka, wotsekeredwa m'komboni, amene tikiti yake yobwerera ili m'thumba la bwana, n'kovuta kuti amange bungwe. Mu Ogasiti 1946 antchito a m'migodi zikwi makumimakumi adanyanyala, ndipo apolisi adawabwezera pansi ndi mfuti ndi zibonga. Mabungwe a anthu akuda adadzavomerezedwa ndi lamulo pambuyo pa 1979, ndipo National Union of Mineworkers idabadwa mu 1982, Amalawi ambiri atachokako kale.

Wina angaganize kuti zonsezi zidachitika chifukwa cha khungu lokha. Khungu lidalipo, ndipo lidakulitsa nkhanza, koma machenjerero ake ndidawapezanso kwa Azungu okhaokha. Chidandifikitsa kumeneko ndi kankhani kakang'ono koti m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kagulu ka anthu a ku Poland othawa nkhondo kadasungidwa pa Fort Jameson pompa. Ndidafuna kudziwa za mtundu umenewu, ndipo ndidapeza kuti Apolishi ndi Anyasa a ku Ulaya, anthu amene kwa zaka zoposa zana akhala akulima ndi kukumba za eni ake. Isanafike 1918 dziko lawo lidali logawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria. Apolishi a mbali ya Russia ndi Austria ankapita kukalima m'minda ikuluikulu ya ku Prussia. Kuyambira cha mu 1890 lamulo lidawakakamiza kutuluka m'dzikomo chaka chilichonse Khirisimasi isanafike, kuti asazike mizu, ndipo sankaloledwa kubwera ndi ana. Mu 1905 kudakhazikitsidwa ofesi imodzi yoyang'anira zolemba antchito a m'minda ochokera kunja, ndipo patapita zaka zochepa aliyense adayenera kunyamula khadi lolembedwa dzina la bwana wake. Wosiya ntchito nthawi isanakwane ankathamangitsidwa m'dziko. Nditawerenga zimenezi ndidatulutsanso chitupa cha agogo n'kuchiyang'ana.

Koma tamverani mbali inayo. Apolishi a mbali ya Prussia, a chilankhulo chomwecho ndi chipembedzo chomwecho, ankapita ku migodi ya malasha ya ku Ruhr. Iwowa pa lamulo adali nzika. Ankanyozedwa, ndipo lamulo la mu 1908 lidawaletsa kulankhula chinenero chawo pa misonkhano ya poyera, komabe ankatha kubwera ndi mabanja, kusintha mgodi, ndi kuvota. Mu 1902 adakhazikitsa bungwe lawolawo la apantchito ku Bochum, limene lidaima pamodzi ndi mabungwe a Ajeremani pa kunyanyala kwakukulu kwa mu 1905. Mtundu umodzi, makomo awiri, miyoyo iwiri. Ngakhale m'zaka zathu zino nkhani idabwerezedwa. Poland italowa mu European Union mu 2004, Britain, Ireland ndi Sweden adatsekula zitseko nthawi yomweyo, pamene Germany ndi Austria adadikira mpaka 2011, ndipo m'zaka zodikirazo Apolishi ambiri ankalowa m'maiko awiriwa ngati antchito a nyengo kapena odzilemba okha, opanda chitetezo cha wantchito wamba. Ku Norway boma lidalamula kuti kuyambira mu 2007 malipiro ochepetsetsa amene mabungwe a omanga nyumba adagwirizana ndi mabwana akhale a aliyense wogwira ntchitoyo m'dziko lonse, mlendo ndi mwini dziko yemwe. Mmisiri wa njerwa wochoka m'mudzi umodzi wa ku Poland ankapeza zosiyana malinga ndi dziko limene watsikira.

Tibwerere kwathu. Pofika 1973 Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa, kuposa munthu mmodzi mwa anayi alionse akuda a m'migodimo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka pa Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo adafera pomwepo. Dr Banda adaimitsa zolemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira pafupifupi onse adabwerera, amalume ali m'gulumo. Chopweteka ndi ichi: m'zaka zomwezo malipiro a m'migodi adakwera kuposa kale lonse. Mtengo wa golide udali utakwera, Mozambique idalandira ufulu mu 1975, m'makomboni mudali chipwirikiti, ndipo kuchoka kwa Amalawi kudaonetsa eni migodi kuti sangadalirenso alendo otchipa. Adakakamizika kukopa anthu a m'dziko momwemo ndi ndalama. Tidagwedeza mtengo ndife, zipatso adatola ndi ena. Mu 1977 khomo lidatsekulidwanso pansi pa dzina latsopano la TEBA, limene anthu adalisandutsa Theba, koma tsopano linkalowetsa ochepa. Amalume adakaima pamzere kawiri, malo osapezeka.

Kodi amuna onse obwerera aja adapita kuti? Olemba mbiri ambiri aona kuti ngozi ya ndege idadza pa nthawi imene maesiteti a fodya ankakula msangamsanga ku Kasungu, ku Mchinji ndi kwina, ambiri a iwo ali m'manja mwa akuluakulu a boma ndi a chipani, ndipo ankasowa manja. Lamulo la mbewu zapadera lidapereka fodya wa bale kwa eni maesiteti okha. Mlimi wamba sadaloledwe kumulima pamunda pake mpaka 1990. Mbewu zimene adaloledwa ankagulitsa ku ADMARC, wogula mmodzi, pa mtengo wa boma. Ndalama za ku Joni zitatha, amalume adaona kuti njira yokhayo yolimira fodya wa ndalama ndiyo kukakhala tenanti, ndipo khomo lachinayi lidali limenelo. Mwini esiteti ankapereka malo, feteleza ndi phoso pa ngongole. Tenanti, mkazi wake ndi ana ake ankafesa, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka ndi kusankha. Pomaliza fodya yense ankagulidwa ndi mwini esiteti yemweyo pa mtengo umene tenanti adalibe nawo mawu, ngongole n'kuchotsedwa, fodya n'kupita ku okushoni. Wogula adali mmodzi monga kwa Wenela, koma kuno kudalibe pangano la maboma awiri, kudalibe kabuku kosindikizidwa, koma kope la kalaliki. Kokadandaula nako kudalibe, poti mabungwe a apantchito adali ataikidwa pansi pa chipani m'zaka za m'ma 1960. Zaka ziwiri zoyamba amalume adatsala ndi kanthu. Chaka chachitatu matalala adagwa mu Febuluwale, ndipo tsamba la m'bokosi lija ndi la chaka chimenecho.

Zotsala ndi zaposachedwa ndipo ambiri mukuzidziwa. Mu 1988 eni migodi a ku South Africa adafuna kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asanalowe, boma lathu lidakana, ndipo Theba adathera pomwepo; Wiseman Chirwa adalemba kuti anthu pafupifupi 13,000 adabwezedwa pakati pa 1988 ndi 1992. Kuchokera apo anyamata athu adabwerera ku njira ya agogo, ya selefu, kudzera ku Tete ndi ku Beitbridge, ambiri opanda pepala lililonse. Utenanti udathetsedwa pa lamulo mu 2021, ngakhale amene amayenda m'minda ya kwathu angatiuze bwino kuti kope la kalaliki lidatha kapena lidangosintha chikuto.

Mu Julayi 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg lidavomereza pangano loti makampani asanu ndi limodzi a golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni Rand kwa amene adadwala chifuwa cha fumbi la m'migodi kapena chifuwa chachikulu, kuwerengera amene adagwira ntchito kuyambira mu Malichi 1965. Ndalamazo zidaikidwa m'manja mwa Tshiamiso Trust, ndipo akazi amasiye ndi ana nawonso akhoza kupempha. Nditamva zimenezi ndidatenga kabuku ka amalume n'kukawaonetsa azakhali, mkazi wawo, amene tsopano maso adachita khungu. Nambala ikuwerengeka bwinobwino, zaka nazo zikugwirizana. Chimene chikufunika pamwamba pa izi ndi umboni wa achipatala wosonyeza nthenda imene munthuyo adadwala. Amalume adatsokomola zaka zisanu ndi ziwiri, namwalira pamphasa m'nyumba ya malata ija, ndipo palibe dokotala amene adalemba dzina la chifuwacho. Azakhali adakasisita kabukuko ndi zala, nandibwezera, nati, "Kabwezereni m'bokosi momwemo, bambo, kangadyedwe ndi chiswe."